Boti la mamita 4.8 patatha miyezi 8 chiikireni injini ya 60

Botili ndi la faiba, la mtundu womwe amanyamulira alendo ku Cape Maclear ndi ku Senga Bay. Poyamba linali ndi injini ya Yamaha Enduro 40, ya mphamvu ya mahatchi (horsepower) 40, ya two-stroke (yosakaniza oyilo ndi petulo), yoyendetsa ndi mkono. Mu Januwale idalowa Yamaha F60, ya mahatchi 60, ya four-stroke (yosasakaniza oyilo ndi petulo), ya chiwongolero. Pano ndi Seputembala, ladutsa mpoto wa m'dzinja ndi mwera wonse wa Juni mpaka Ogasiti, ndiye khalidwe lake laoneka bwino lomwe.

Chomwe chidasokoneza botili si mphamvu ya injini ayi, koma kulemera kwake. Enduro 40 imalemera makilogalamu 70 ndi pang'ono, F60 imapitirira 110. Onjezani batire la makilogalamu pafupifupi 20, lomwe injini yokoka ndi chingwe sinkalifuna, ndi mathanki awiri a malita 25, iliyonse ikadzaza petulo makilogalamu 20. Zonsezi zidaunjikana kumbuyo. Boti litaima padoko, mzere wa ndere womwe madzi adasiya pa penti zaka zonsezi udali utamira kumbuyo, kutsogolo uli poyera. Mabowo otulutsira madzi a pa transomu, khoma lakumbuyo kwa boti lomwe pamamangidwa injini, adafika pafupi ndi madzi, moti munthu mmodzi akaima pafupi ndi injini madzi ankalowera m'mabowomo m'malo motuluka.

Pamadzi zizindikiro zidali zitatu. Ponyamuka mphuno inkakwera mpaka woyendetsa osaona kutsogolo kwa masekondi angapo, zomwe n'zoopsa pamalo pomwe pali mabwato ndi ana osambira. Likafika paliwiro lapakati linkayamba kudumphadumpha, mphuno kukwera ndi kugwa ngakhale nyanja ili bata. Paliwiro lonse linkapendekera kumanzere, chiwongolero chikukokera kumanja.

Kudumphaku ambiri amathamangira kugula zipsepse zomangira pa injini. Musayambire pamenepo. Yambani ndi zomwe sizifuna ndalama zambiri: samutsani katundu. Batire lidapita pansi pa mpando wa woyendetsa, pafupifupi mita imodzi ndi theka kuchokera kumbuyo, m'bokosi lomangidwa ndi lamba. Mukatalikitsa mawaya a batire, gwiritsani ntchito onenepa, a 25 mm² kapena kuposa, apo ayi sitata imazungulira mofooka ndipo mawaya amatentha. Thanki imodzi idapita pakati, nangula ndi unyolo wake kutsogolo kwenikweni. Kungotero, kudumpha kudachepa kwambiri ndipo mabowo aja adatuluka m'madzi.

Chachiwiri ndi msinkhu wa injini. Pamwamba pa pulopela pali chitsulo chafulati chotchinga mpweya. Ikani thabwa lowongoka pansi pa boti litulukire kumbuyo, injini itaima chilili: chitsulocho chiyenera kufanana ndi thabwalo, kapena kusiyana nalo pang'ono chabe. Pa botili chidali pansi kwambiri, chifukwa womanga adangokhazika injini pa transomu n'kumanga pa bowo loyamba. Injini yomira imakoka madzi, imawaza mbali zonse, ndipo imawonjezera kupendekera. Mabowo a bulaketi amatalikirana mamilimita 19. Kwezani bowo limodzi, yesani, kenako lina. Apa mabowo awiri adakwana. Lachitatu pulopela idayamba kumeza mpweya pokhota, injini kulira kwambiri boti osapita. Nthawi iliyonse mwachotsa mabawuti, pakani silanti ya m'madzi m'mabowo, chifukwa m'kati mwa transomu zambiri muli plywood, ndipo ikamwa madzi imawola mwakachetechete.

Kukokera kumanja kumachokera ku pulopela yomwe imazungulira kumanja. Pansi pa chitsulo chafulati chija pali kachipsepse kakang'ono komangidwa ndi bawuti imodzi. Boti likamakokera kumanja, masulani bawutiyo, tembenuzirani mchira wa kachipsepseko kumanja pang'ono, mangani, yesaninso paliwiro lomwe mumayendera masiku onse. Kamagwira bwino paliwiro limodzi ndi trimu (kakwezedwe ka mwendo wa injini) imodzi yokha, choncho musayembekeze kuti chiwongolero chipepuka paliponse. Kupendekera kumanzere kudatha poika batire ndi thanki mbali ya kumanja.

Za pulopela musaweruze ndi khutu. F60 iyenera kufika pakati pa 5000 ndi 6000 rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi imodzi) mutatsegula mafuta onse, boti lili ndi katundu wamasiku onse. Inchi imodzi ya pitchi, mtunda womwe pulopela imayenda ikazungulira kamodzi, imasintha 150 mpaka 200 rpm: mukakweza pitchi rpm imatsika. Kumbukiraninso kuti nyanja ya Malawi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 470 kuchokera pa nyanja yamchere, ndiye injini imataya mphamvu pang'ono poyerekeza ndi zomwe zalembedwa m'buku. Boti lonyamula anthu asanu lidayenda bwino ndi pitchi yotsikirapo kuposa yomwe idabwera nayo. Liwiro lapamwamba lidachepa pang'ono, koma limanyamuka msanga ndipo limakhalabe pamwamba pa madzi ngakhale mutachepetsa mafuta. Pa mwera chofunika ndi chimenechi, popeza mafunde a nyanja yathu ndi afupiafupi ndi otsetsereka, salola kuthamanga.

Trimu ya magetsi ndi chinthu chatsopano kwa amene adazolowera Enduro, ndipo mbali ina ya kudumpha idali m'chala cha woyendetsa. Nyamukani injini itatsitsidwa yonse. Boti likakwera pamwamba pa madzi, dinani batani lokwezera pang'onopang'ono mpaka chiwongolero chipepuke. Mphuno ikayamba kugwedezeka, bwezani kamodzi. Polimbana ndi mafunde tsitsani kuti mphuno idule. Mafunde akamachokera kumbuyo kwezani pang'ono, chifukwa mphuno yomira imatha kuluma madzi boti n'kutembenuka mwadzidzidzi. Chingwe chozimitsira injini chikhale pamwendo kapena pa jekete nthawi zonse. Boti lomwe limakokera mbali, woyendetsa akagwa limazungulira n'kubwerera pomwe iye ali.

Patatha miyezi 8, zabwino zake n'zoonekeratu: petulo amapita wochepa paulendo womwewo, palibe kusakaniza oyilo, palibe utsi, ndipo alendo amatha kucheza injini ikuyenda. Oyilo adasinthidwa pa maola 20 oyamba, kenako pa maola 100 alionse. Chodetsa nkhawa ndi timing'alu tating'ono ngati ulusi wa kangaude tomwe tidaoneka pa penti m'makona a transomu mu Julayi. Injini itakwezedwa, gwirani mwendo wake n'kuukankhira pansi: transomu ikamagwedera, boti lisalowe m'madzi. Iyi sidagwedere, komabe idaikidwa chitsulo cha aluminiyamu cha mamilimita 6 m'kati kuti mawashala asamire mu faiba. Musanagule injini, werengani kachikwangwani ka wopanga boti komwe kamanena mphamvu yomaliza yololedwa. Ili limalola 60, ndiye lafika pamapeto penipeni, ndipo maboti ambiri akale adawerengedwa poganizira two-stroke yopepuka.

Chimodzi sichidatheke kukonza. Pobwerera chammbuyo, kapena boti likaima kumbuyo kutaloza mafunde, madzi amadumphabe transomu kuposa kale. Panopa muli pampu ya magetsi yodziyatsa yokha madzi akakwera, ndowa yokapira ili pafupi, ndipo pagombe boti limamangidwa mphuno italoza kunyanja, nangula ali kutsogolo.