Shopu yomwe inatisindikizira matisheti a kampeni: lichero lathu linatuluka ngati tayala

Ambiri mwakhala mukundifunsa kuti matisheti oyera aja tinkavala nthawi ya kampeni tinapangitsa kuti, ena mukufuna a kwaya, ena a chinkhoswe, nde ndati ndingolemba kamodzi zabwino ndi zoipa zomwe aliyense aone yekha. Dzina la shopu sinditchula, ingodziwani kuti ili ku Old Town mbali ya ku Malangalanga, mwa timashopu tothinana tija tomwe khomo lina akugulitsa machaja khomo lina akusindikiza makhadi a ukwati.

Kaye ndifotokoze kuti ife ndi ndani, mungamaganize kuti tinali ndi ndalama. Tilipo amayi 23 a mwodi imodzi, tinayamba ngati banki m'khonde basi, kukumana Lachinayi lililonse pakhonde la amayi tcheya. Mnzathu mmodzi anagwa pa mapulaimale mwanjira yomwe mpaka lero sitinaimvetse, nde anati aima payekha pa ukhansala pa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025. Ife tinati bola wa kwathu yemwe amadziwa kuti mjigo uti unafa liti. Palibe amatilipira olo wani tambala, ndalama yolembetsera ku MEC tinachita kusonkherana (mwayi wake amayi amalipira theka la zomwe amalipira abambo), ndipo ya matisheti inachokera pa mandasi ndi chindapusa cha obwera mochedwa ku gulu. Ine ndine msungichuma, nde kwacha iliyonse yomwe inalowa mshopu imeneyi inadutsa pa mpango wanga.

Kampeni inatsegulidwa pa 14 Julaye, ife tinafika kushopuko kumapeto kwa mwezi womwewo. Chinthu choyamba chomwe ndinakonda ndi mtsikana wa pakompyuta uja. Ndi wamng'ono ndithu, mwina wangomaliza kumene sukulu, koma anatikhazika pansi ine ndi amayi tcheya nkutifunsa funso lomwe ife sitinaliganizire nkomwe, akuti amayi mtundu mwasankha uti. Ife tinati buluu ndi wokongola. Iye anangoseka nkuti mukavala buluu mwavala DPP, yelo ndi wa UDF, orenji ndi wa PP, kufiira nako kuli ndi eni ake, a UTM ndi a Kongeresi, nde ngati mayi wanuyo akuima payekha musamuveke chipani chomwe sichake. Zoona zake tikanaononga ndalama tsiku lomwelo. Tinagwirizana zoyera, zomwenso zinali zotsikirako mtengo, ngakhale pambuyo pake fumbi la Lilongwe la mu Ogasiti linatiphunzitsa kuti choyera chimafuna sopo.

Anatifotokozeranso kuti kusindikiza kulipo kuwiri. Kwina ndi kwa sikirini, amayala kansalu ka timabowo pa felemu nkukoka inki ndi labala, kumeneku kumafuna mitundu yochepa, umodzi kapena iwiri, koma inki imalowa munsalu ndipo mukachulutsa matisheti mtengo umatsika. Kwina ndi kwa makina otentha aja, amadinda chithunzi chonse ndi mitundu yake ngati sitika, chimaoneka bwino zedi tsiku loyamba koma ndi chodula ndipo chimangokhala pamwamba pa nsalu. Iye anatilangiza sikirini. Ife pofuna kuti nkhope ya mayi wathu ionekeko tinagawa, 45 a sikirini okhala ndi dzina ndi chizindikiro, 15 a chithunzi oti azivala otsogolera nyimbo. Kuonjezera apo maposita 200 ndi banala imodzi ya pulasitiki.

Mpaka apa zonse bho. Mavuto anayambira pa mtengo.

Bambo mwini shopu anatiuza mtengo pakamwa, tinapereka dipoziti ya theka pa foni, anatilembera karisiti kongoti dipoziti yalandiridwa osalemba kuti yonse ndi zingati. Apa ndivomere kupusa kunali kwanga, munthu wosunga buku la banki m'khonde zaka zinayi sindimayenera kutuluka ndi pepala lotere. Titabwera kudzatenga anati amayi zinthu zakwera, matisheti opanda kanthuwa timaitanitsa kunja, dola sikupezeka kubanki, ndawonjezera K1,500 pa iliyonse. Zoti dola inasowa chaka chimenecho palibe amene sakudziwa, shuga yemwe ankachita kubisidwa, nde sindinganene kuti ananama. Koma matisheti athu anali kale mshopu tsiku lomwe tinapereka dipoziti, ndinawaona ndi maso angawa ali mkatoni pansi pa tebulo, nde anakwera bwanji ali chigonere mkatoni? Tinakangana mpaka anatsitsa kufika K800, komabe kuchulukitsa ndi 60 ndi ndalama yomwe ndinachita kukaima pamaso pa amayi 22 nkuifotokoza, ndipo amene munasungapo ndalama za gulu mukudziwa maso omwe amakuyang'ana nawo.

Kenako nthawi. Anati masiku asanu, zinatenga masiku 16. Ndinapitako kanayi, ulendo uliwonse minibasi itakwera mtengo chifukwa mafuta kunalibe, magalimoto atandandalika pa mafilingi sitesheni mpaka kutseka misewu. Ulendo woyamba akuti magetsi anathima, wachiwiri akuti jenereta ilibe petulo. Wachitatu ndinadzionera ndekha chifukwa chenicheni, panja panaima pikapu ikutsitsa mabelo a matisheti a munthu wina wofuna uphungu, anyamata onse a mshopu ali pa oda imeneyo, athu atakankhiridwa pakona. Sindikuwada kwenikweni, nyengo ya chisankho imabwera kamodzi pa zaka zisanu ndipo aliyense amafuna akolole, koma akanangondiuza chilungamo kuti amayi kwabwera wa ndalama zambiri dikirani sabata ziwiri, ine ndikanasunga ya thiransipoti. Mmalo mwake foni iliyonse yankho linali lakuti mawa zikhala zatheka.

Tsopano nkhani ya lichero, yomwe mpaka pano amayi akagwa nayo amaseka mpaka misozi ngakhale tsiku lake sitinaseke.

Munthu woima payekha alibe tambala kapena chimanga choti anthu amudziwire, amasankha chizindikiro chakechake ndipo ndi chomwe chimakhala pa pepala lovotera pambali pa dzina ndi chithunzi. Kwa agogo omwe sawerenga, ndi ena omwe maso anayamba kuchita chifunga, chizindikirocho ndiye zonse. Chathu chinali lichero. Mtsikana uja anatitumizira chithunzi pa WhatsApp, pafoni chinkaoneka bwinobwino, timizere ta nsungwi tonse tikuoneka, ine ndinayankha kuti pitirizani. Koma pa sikirini timizere tating'ono tija tinatsekeka ndi inki, chomwe chinatuluka ndi chinthu chakuda chozungulira chokhala ndi kuyera pakati. Ine ndinaona kuti sichili bwino koma ndi kutopa kwa maulendo anayi ndinangoti bola zatuluka. Mawa lake tikuyenda khomo ndi khomo, agogo ena atamvetsera bwinobwino zonse anatigwira dzanja nkuti ana anga musadandaule, ine ndikachonga pa tayalapo. Amayi tcheya anangokhala pansi pa chitsa.

Tinabwerera kushopu tsiku lomwelo anthu asanu, dala titavala matisheti omwewo. Apa nde ndiwayamikire. Bambo aja anayamba ndi zoti munavomereza nokha pa WhatsApp, zomwe ndi zoona, koma mtsikana uja anawadula nkuti ayi bwana, ife ndi amene timadziwa kuti mizere yopyapyala siituluka pa sikirini, timayenera kuwauza. Kunena zoona sindinayembekezere kuti wantchito angayankhule choncho pamaso pa bwana wake. Anajambulanso lichero la mizere ikuluikulu yochepa, nkuikamo timbewu ta chimanga tikudumpha mmwamba ngati munthu akupeta, ndipo pansi pake analemba mawu oti LICHERO ndi zilembo zikuluzikulu. Maposita onse anabwereza ulere. Matisheti sakanatha kufufuta, nde anadinda lichero latsopanolo kumsana pa theka la mtengo, tayala lija linatsala pamtima, moti tinkayenda ndi zizindikiro ziwiri, kutsogolo tayala kumbuyo lichero, ndipo pakhomo lililonse mmodzi amachita kutembenuka kuonetsa msana kkkk. Zonsezi anamaliza masiku awiri okha, kutanthauza kuti akafuna amatha kufulumira.

Za masaizi ndingodutsa mwachangu: mukawasiya okha amakupatsani M ndi L zambiri ngati akuveka timu ya mpira. Ife ndife amayi obereka, tinkafuna XL ndi XXL. Asanu ndi awiri sanakwane aliyense mgulu, tinapatsa ana athu achinyamata omwe ankanyamula ng'oma. Lembani masaizi papepala, asayine.

Kulimba kwake nde ndingakuuzeni bwino chifukwa matishetiwa anaona zokhoma. Pafupifupi sabata zinayi tinkayenda tsiku lililonse kupatula Lamulungu, kuyamba mmawa tikatha kutsegula geni, dzuwa lili pamutu, fumbi lofiira lija, mwana kumsana, madzulo kuchapa kuti mawa uvalenso chifukwa aliyense anali ndi imodzi yokha. A sikirini aja sanasinthe, inki siinachuche olo pang'ono ngakhale ena ankanyika mu sopo wa ufa usiku wonse, yanga ndikuvalabe mpaka lero. A chithunzi aja nde ayi. Pofika sabata yachitatu nkhope ya mayi wathu inali itachita ming'alu ngati dambo la mu Okutobala, mmbali mwayamba kumatuka, ndipo mayi wina anasita pamwamba penipeni ndi ayironi ya makala, chithunzi chonse chinatsalira ku ayironi. Anatiuza mochedwa kuti amafunika kuchapa ndi kusita chotembenuza. Nsalu yake ndi yopyapyala pang'ono, yoyerayo imaonetsa zamkati, ambiri tinkavalira kamisolo. Maposita anasuluka ndi dzuwa patatha sabata ziwiri koma zilembo zimawerengekabe, tinkamata ndi phala la ufa wa chinangwa ndipo ambiri anang'ambidwa ndi anthu asanasuluke nkomwe.

China chomwe sindinkadziwa ndisanalowe mu zimenezi ndi chakuti tisheti yeniyeniyo imasanduka mlandu. Khomo lililonse funso loyamba linali lakuti yanga ili kuti. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi katundu pofuna mavoti, ngakhale zovala za kampeni silikaniza, koma ife olo tikanafuna tikanazitenga kuti. Tinkangoyankha kuti mayi, ifenso iyi tinagula tokha, ndipo ena ankadabwa zenizeni, chifukwa kuyambira nthawi ya mbumba za Kamuzu anthu anazolowera kuti mzimayi wa ndale ndi wovina atapatsidwa nsalu. Ife kuvina tinkavina ndithu, nanga nkulekeranji, koma ntchito yaikulu inali kukhala pamkeka nkufotokoza kuti mapepala akhala atatu, la pulezidenti, la phungu ndi la khansala, kuti lachitatulo musaliponye losachonga poti ndi la munthu amene mudzamupeze pamaliro ndi pamsika, komanso kuti kuvota kutseka 4 koloko masana nde musati ndipita ndikaweruka ku geni.

Kampeni inatsekedwa mmawa wa pa 14 Sepitembala, matisheti tinapinda nkuika mu sutikesi chifukwa kumalo ovotera sulowa ndi zovala za kampeni. Tsiku lovota ena anadzuka 3 koloko kuphika nsima ndi nyemba za mamonita athu omwe anakhala pamalo mpaka kuwerenga kutha usiku, ena tinkaperekeza okalamba pa kabaza. Ndipo apa shopu ija inatichitiranso chinthu chomwe sitinapemphe: dzulo lake nditapita kukalipira ndalama yotsala, mtsikana uja anatipangira fotokope timapepala 30 tomwe tinajambula mizere toti mamonita azilembapo mavoti akamawerengedwa, osatilipiritsa, bwana wake akuyang'ana kumbali ngati sakuona.

Mayi wathu sanawine, anakhala wachiwiri. Sindinganamizire tayala, amene anawinayo anali ndi galimoto zitatu ndi zokuzira mawu pomwe ife tinali ndi ng'oma imodzi ndi mapazi.

Nde mukandifunsa kuti mupite kapena ayi, ndinganene kuti pa nyenyezi zisanu ndikuwapatsa zitatu, ndipo ziwiri mwa zimenezo ndi za mtsikana wa pakompyuta. A kwaya ndi a chinkhoswe pitani, pano kulibe mabelo a aphungu oti akukankhireni pakona, sankhani sikirini, mtengo wonse ndi tsiku lotenga zilembedwe pa risiti, ndipo musavomereze chithunzi cha pafoni, auzeni adinde tisheti imodzi muigwire mmanja, mukaonetse agogo a pafupi nanu akuuzeni chomwe akuona. Banala ija nde yolimba kwabasi, mabowo ake a chitsulo sanazuke ngakhale ndi mphepo ya mu Ogasiti, pano ili kwa amayi tcheya tikuyanikirapo mphale mosinthana, nkhope ya mayi wathu itayang'ana pansi.