Homer kapena Forbes: ndani anajambula bwino moyo wa kumsasa?

Pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America (1861 mpaka 1865), masiku ambiri a msilikali ankathera kumsasa, kudikira basi. Amisiri awiri anajambula kudikirako mosiyana.

Winslow Homer anajambula pamwala ndi choko chamafuta, ndipo mu 1863 Louis Prang wa ku Boston anadinda zithunzi zake 6, nkhondo ikadali mkati. Muona asilikali ataunjikana pamoto kudikira khofi, ena akusewera makadi, wina ali chigonere pabedi mayi wina akumulembera kalata yopita kwawo. Mizere yake ndi yofewa, ngati yaphuma. Chokhacho, chithunzi chake china, cha wophika wachikuda, n'chonyoza, ine chimandinyansa.

Edwin Forbes sanathamange. Zimene anaona ali ndi asilikali anazikanda ndi singano pachitsulo cha kopa chopakidwa phula, asidi n'kudya mizereyo, ndipo zithunzi 40 zinatuluka mu 1876. Iyeyu sasiya kanthu: tizisakasa, abulu, ngolo, matope.

Wofuna kudziwa momwe msasa unkaonekera apite kwa Forbes. Koma ine maso anga amakakamira pa Homer, pa utsi wa khofi uja.