Chitetezo kapena mbaula ya chumuni: ndi iti imene imapirira mwera?

Pakhomo pathu kuno ku Mangochi pali mbaula ziwiri: Chitetezo yadothi ija, ndi ina ya njerwa yokhala ndi chumuni cha lata. Mafuwa sitinataye ayi, koma amenewo ndi a mphika wa thobwa basi.

Pa nkhani ya utsi, ya chumuni ilibe inzake, koma pokhapokha chumunicho chikukoka. Chimene chimakoka utsi ndi kutentha. Mpweya wotentha ndi wopepuka, umakwera m'paipi, ndipo pokwerapo umayamwa wina kudzera pakhomo pa nkhuni. Paipi ikakhala yozizira, ngati m'mamawa wa mu June, utsi umabwerera kumaso kwanu, misozi chuchuchu. Ine ndimayamba ndayatsa zitsononkho zingapo cha kutsinde kwa paipi, ikafunda ndiye ndisonkhezere nkhuni zikuluzikulu.

Ife anatipweteka ndi mmisiri. Chumuni anachisiya chachifupi, chosafika pansonga ya denga, komanso kumbali yochokera mwera. Mwera utayamba, mphepo inkagunda malata n'kutsikira m'paipi, khitchini yonse utsi tolotolo, usipa wophika n'kumanunkha ngati wowamba. Tinalumikiza paipi ina kuti ipitirire nsonga ija, n'kuiveka kachipewa ka lata. Vuto linathera pomwepo.

Ndiye pali mwaye. Nkhuni zaziwisi zimasiya phula lakuda m'paipi, njira ya utsi n'kumachepa pang'onopang'ono osadziwa. Gogodani paipi ndi mthiko: ikamveka mogonthera, mangirirani kachiguduli kunsungwi mukolope m'kati. Mukalekerera, mwayewo umatha kugwira moto, ndipo ngati denga ndi laudzu mukudziwa kale mathero ake. Phulusa nalonso muziwola, limatseka mpweya.

Chitetezo alibe milandu yonseyi chifukwa alibe chumuni. Tinkhuni titatu, kaya mitengo ya nandolo, nsima yapsa. Utsi ulipo ndithu, wocheperako poyerekeza ndi wa pamafuwa, koma m'khitchini mopanda zenera mudzatsokomolabe. Ubwino wake mumangoinyamula. Mwera ukavuta mumatembenuza khomo lake, ndipo mu October, dzuwa la kuno likamawotcha ngati ng'anjo, mumakaphikira pansi pa mtengo wa mango pomwe ya njerwa ikukuwambani m'nyumba. Kuipa kwake n'kwakuti imalandira mphika umodzi, ndiwo zimadikira nsima, ndipo ikagwa kapena mukaithira madzi ili yotentha imang'aluka.

China chimene ambiri sayembekezera: chumuni chokoka mopitirira chimadya nkhuni. Moto umalira bwino, koma kutentha kukuthawira kumwamba, madzi osawira. Chepetsani khomo ndi chidutswa cha njerwa.

Amene mukuchita lendi pa Boma, gulani Chitetezo, mudzasamuka nayo. Ngati nyumba ndi yanu ndipo pakhomo pali anthu ambiri, mangani ya chumuni, koma tsiku loika paipilo musachokepo. Imani panja muone ngati yapitirira nsonga ya denga musanampatse mmisiri ndalama yake.