Gulu la mpingo lomwe linamanganso nyumba ya azakhali ku Kanyama, mmene ndinaionera ntchito yawo

Ambiri mwakhala mukundifunsa pa WhatsApp kuti kodi aja anamangira azakhali nyumba ndi ndani, amalipiritsa zingati, nanga nyumbayo ili bwanji manje poti mvula ina yadutsapo. Ndiye ndati ndilembe kamodzi aliyense awerenge yekha. Dzina la mpingo wawo sinditchula chifukwa eni ake anapempha, ati tikangotchuka foni izilira usiku ndi usana pomwe manja ndi ochepa, ndipo ine ndinawamvetsa. Yankho lachidule ndi loti ntchito ndi yabwino maningi, salipiritsa olo ngwee imodzi ya leba, koma pamafunika mtima wodikira ndipo si aliyense angathandizidwe.

Azakhali ndi amasiye, amakhala ndi adzukulu, nyumba yawo inali ya zipinda ziwiri yomwe malemu anamanga kale kale ndi mabuloko aja ongoonetsa simenti, ukakanda ndi chala mchenga umagwa. Mvula ya mu February madzi anakhazikika mnyumba mpaka mmaondo, khoma lakumbuyo linamwa madzi nkufewa, usiku wina linangogona pansi, mwayi ana anali atawatumiza kale kwa ife ku Chilenje. Amene mumakhala ku Kanyama, Misisi, John Laing, Kuku olo Chawama mukudziwa kuti nkhani iyi si yatsopano. Malo ndi osalala, pansi pali mwala wa laimu pafupi pafupi, madzi apansi nawo ali pamwamba, ndiye mvula ikagwa ilibe kolowera. Akuluakulu amakambabe za chigumula cha ku Kanyama cha 1978, mu 2010 anthu a ku Misisi anakagona mmatenti ku Independence Stadium, ndipo kolera yomwe inayamba mu October 2023 tonse tinaona odwala akugonekedwa ku Heroes Stadium, masukulu nkuchedwa kutsegula. Zimbudzi zokumba zikasefukira madzi ake amakumana ndi a pachitsime, nkhani yonse imayambira pamenepo.

Thandizo la masiku oyamba limabwera ndithu, boma kudzera ku DMMU (ofesi yake yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi), mipingo ndi mabungwe ena amathamanga ndi matenti, unga, mabulangete, klorini, ndipo zinthu izi zimapulumutsa moyo. Koma madzi akaphwa, mwezi wa April ukafika dzuwa nkuwala, munthu amatsala yekha ndi mulu wa mabuloko ophwanyika. Mayi wogulitsa tomato ndi repu pa kantemba sangapeze ndalama ya simenti, malata ndi bilikileya nthawi imodzi. Ambiri amangotseka pogumukapo ndi pulasitiki ndi malata akale, chaka chamawa khoma lina limagwanso. Gulu ili limabwera pa nthawi imeneyo, ena onse atapita, ndipo ndicho chifukwa chachikulu ndikuliyamikira.

Anabwera koyamba anthu atatu, abambo awiri ndi mayi mmodzi wa kabuku mmanja. Sanalonjeze kanthu tsiku limenelo. Anafunsa kuti malo ndi a ndani, mapepala alipo, mnyumba mumagona anthu angati, alipo mwana wogwira ntchito amene angathandize, kenako anazungulira nyumba akugogoda makoma nkukumba pang'ono pakona kuti aone fandesheni, anapeza kuti ndi mzere umodzi chabe wa mabuloko wokhala padothi. Anakafunsanso kwa aneba ndi kwa atcheyamani a mderalo. Ine poyamba mafunso ndinaona ngati achuluka, koma mayi uja anafotokoza bwino, ati amai ndalama zomwe tili nazo ndi zopereka za anthu osauka anzanu, ndiye tiyenera kuyamba ndi amasiye, okalamba, olumala ndi amene akulera ana okha. Mpangano unali woti manja ndi awo, zida ndi zawo, simenti ndi malata tigawana, banja lipereke zomwe lingathe. Ife abale tinasonkha ya mchenga, miyala ndi mapoketi ena a simenti, zotsala anagula iwo ndipo malisiti onse anatipatsa tione.

Mkulu wa gulu, timangowatchula a foromani, ndi bilikileya wakale ndithu. Pa nsima ya masana tsiku lina ndinawafunsa kuti nzeru iyi munaitenga kuti. Anati ali mnyamata anakhalako chaka ku Canada pa pulogalamu yosinthana achinyamata a mipingo, ndipo kumeneko anagwirako ntchito ndi Mennonite Disaster Service, bungwe la akhristu a mpingo wa Mennonite lothandiza anthu ogweredwa ngozi, ambiri amangoti MDS. Bungwe limeneli linayamba mu 1950 ku Hesston mu Kansas, anthu a Sande sukulu atakhala pansi pa pikiniki nkumafunsana kuti tingatumikire bwanji anzathu pafupi pompano, ndipo chaka chotsatira mu 1951 madzi atasefukira ku Wichita anapita kukathandiza anthu kumeneko. Lero likulu lawo lili ku Lititz mu Pennsylvania, la ku Canada lili ku Winnipeg, anamangako nyumba pambuyo pa namondwe Katrina wa 2005, ku Texas pambuyo pa Harvey mu 2017, ku Puerto Rico pambuyo pa Maria chaka chomwecho, ndipo ku West Virginia amamanga ndi timilatho tolowera pakhomo pa munthu. Ogwira ntchito ndi odzipereka, ma Mennonite, ma Amish, a Brethren in Christ ndi ena ongofuna kuthandiza, ambiri amapereka sabata imodzi ya tchuthi chawo, ena opuma pantchito amakhala miyezi. A foromani anati chomwe chinawagwira mtima ndi choti kumeneko mlimi, namwino ndi mphunzitsi amamvera kapentala mmodzi wodziwa ntchito, ndiponso kuti osankha nyumba yoyamba kumangidwa ndi komiti ya anthu a komweko, osati alendo obwera.

Apa ndichenjeze, chifukwa Lusaka timaidziwa. MDS imagwira ntchito ku America ndi ku Canada basi. Kunja kwa maiko awiriwa ntchito ya chithandizo imayendetsedwa ndi bungwe lina, Mennonite Central Committee, lomwe linayamba mu 1920 kutagwa njala ku Ukraine, ndilo limagwira ndi mipingo ya kuno kwathu ndipo linathandizako pa namondwe Idai wa 2019. Abale a ma Mennonite muno mu Zambia ndi a Brethren in Christ, aja a ku Macha kufupi ndi Choma, mishoni yomwe inayamba mu 1906 ndipo chipatala chake ambiri mumachidziwa. Gulu lomwe ndikukamba ine si nthambi ya mabungwe awa, ndi akhristu a muno mu Lusaka anangotengera kachitidwe. Ndiye wina akabwera pakhomo ati ndikulemba maina a nyumba za ma Mennonite a ku America, perekani ya fomu, musapereke, ameneyo ndi wakuba.

Manje ntchito yeniyeni, pano ndiye ndikhalitsa chifukwa ndi pomwe anandikhutiritsa. Anakana kumanga khoma latsopano pa fandesheni yakale ngakhale azakhali ankafuna zachangu. Anagwetsa makoma awiri otsala omwe anali ndi ming'alu, anakumba mpaka kufika pa mwala, kuthira konkiriti, kenako anakweza fandesheni ndi mizere ya mabuloko a 6 inchi mpaka inapitirira pomwe madzi anasiya chizindikiro pakhoma la aneba. Mkati anadzaza ndi zigumu za nyumba yakale ija ndi dothi lofiira nkusinja bwino bwino, ndiye palibe chinatayidwa. Asanathire silabu anayala pulasitiki yakuda, ina anaika pansi pa mzere woyamba wa khoma kuti chinyontho chisakwere. Mabuloko anaumba okha pamalopo, a foromani akuwerenga mawilibala a mchenga pa poketi iliyonse, ndipo anapatsa mdzukulu wamkulu ntchito yothirira madzi mmawa ndi madzulo kwa sabata yathunthu, ati buloko ikauma msanga ndi dzuwa imakhala bisiketi. Pamwamba pa mawindo anazunguliza lintala ya zitsulo nyumba yonse, mitengo ya denga anaimanga ndi waya wolowa mu konkiriti, osati kuja timachitira kosanjika miyala ndi matayala pamalata. Kunja anathira kakhonde kotsetsereka kuzungulira nyumba kuti madzi a padenga asamakumbe mmbali. Mnyumba manje umakwera masitepe atatu, ndipo poti azakhali miyendo imavuta anawaikira chitsulo chogwirira popanda ife kupempha.

Mvula yapitayi madzi anadzazanso pabwalo monga mwa masiku onse, anafika pa sitepe yachiwiri, mkati mouma. Khoma lilibe mng'alu, denga silidontha.

Khalidwe lawo nalo ndilikambe. Mmawa amayamba ndi pemphero lalifupi ndi nyimbo imodzi, basi, aliyense pa ntchito. Azakhali ndi a mpingo wa RCZ (Reformed Church in Zambia) kuyambira ku Katete, a chigwirizano enieni, ndipo ine ndinali tcheru kuti mwina pamapeto azauzidwa kuti Sande mubwere kwathu. Palibe anatero. Mmalo mwake amai a chigwirizano a mpingo wa azakhali ndiwo anayamba kubwera kudzaphika nsima, kapenta ndi chibwabwa, mipingo iwiri nkumadyera mbale imodzi. Zinandikumbutsa dima ya kumudzi, pomwe mudzi wonse umalima munda wa munthu mmodzi mwini wake ataphika thobwa, kusiyana kwake apa ambiri sankamudziwa nkomwe mwini nyumba. Munali atsikana a ku koleji akukankha wilibala, dalaivala wa minibasi amene amataya ndalama ya Loweruka lonse kuti abwere, ndi amai ena achikulire omwe ntchito yawo inali kukhala ndi azakhali pamphasa kumvetsera. Azakhali anafotokoza za usiku khoma linagwa mobwereza bwereza, ife abale tinali titatopa nayo nkhaniyo, koma amai aja nthawi zonse ankamva ngati koyamba, ndipo tulo ta azakhali tinabwerera nthawi imeneyo. Palibenso anawajambula ali mmavuto kuti akaike pa Facebook, chithunzi anajambula tsiku lopereka makiyi atapempha kaye.

Zosakoma zilipo ndipo ndizinena poyera. Choyamba ndi kuchedwa. Anthu awa ali ndi ntchito zawo, amabwera Loweruka ndi pa maholide chabe, ndiye nyumba yomwe kontrakita akanamaliza msanga inatenga pafupifupi chilimwe chonse, azakhali akugona kuchipinda chimodzi chobwereka, nyengo yozizira ya June ndi July inawapeza komweko. Loweruka lina kukagwa maliro kumpingo kwawo kunkabwera anthu anayi olo osabwera konse, ndipo uthenga sunkafika nthawi zonse, amai ophika ataphika kale. Ichi angachikonze mosavuta, munthu mmodzi wa foni akwanira. Chachiwiri, manja ndi osiyana. Pulasitala ya chipinda cha ana inatuluka ya mafunde chifukwa anapatsa anyamata ophunzira, a foromani ataona analamula kuti mbali ina igwetsedwe, koma simenti inali itapita kale, ndipo chitseko chakumbuyo mpaka lero chimafuna phewa kuti chitsekeke. Chimbudzi sichinali pa mpangano, zomwe kwa ine ndi kulakwitsa kwakukulu mu komboni ngati Kanyama, nyumba youma pomwe chimbudzi chikusefukira kolera ibwerabe. Titakambirana anavomera kutimangira chokwezeka chokhala ndi dzenje lomangidwa ndi mabuloko, zipangizo tinagula tokha.

Chomwe chimandipweteka mpaka lero ndi cha a lendi. Kuseri kwa azakhali kunali mtsikana wa ana awiri, chipinda chake chinagwa usiku womwewo, katundu yense anaonongeka, koma poti nyumba ndi ya landilodi gulu silinathe kumumangira. A foromani anandiuza mosabisa kuti tikamanga, mwezi wamawa landilodi akweza renti nkumutulutsa, ndiye tathandiza ndani. Mfundo ndi yoona, koma mmakomboni athu anthu ochuluka ndi a lendi ndipo ndiwo ovutikitsitsa. Anamuthandiza ndi matiresi ndi renti ya mwezi woyamba kwina, komabe ndikanakonda atapeza njira, mwina kulemberana ndi landilodi pamaso pa atcheyamani kuti renti isakwere kwa zaka zingapo. Ndinawauza maganizo awa ndipo anati akakambirana ku komiti.

Kwa amene mukufuna thandizo lotere, yambani ndi abusa olo akulu a mpingo wanu ndi atcheyamani a mdera lanu, chifukwa maina amadutsa kumeneko. Sungani mapepala a malo mu pulasitiki pamalo okwera, jambulani pomwe madzi anafika pakhoma asanafufutike, zigumu musataye, ndipo abale yambani kusonkha msanga olo pang'ono pang'ono kuti mchenga ndi miyala zikhale zilipo mvula ikangosiya. Ndipo ngati ndinu bilikileya, kapentala, wowotcherera zitsulo olo pulambala, a foromani anati onyamula mabuloko amapezeka, chomwe chikusowa ndi amisiri oti aziyang'anira kagulu kachiwiri kuti nyumba ziwiri ziziyenda nthawi imodzi. Ine ndinalembetsa kale kumbali yonyamula, amene ali ndi luso andiuze ndimulumikize nawo mwezi wa April usanafike.