Kulimbitsa minofu ya m'munsi mwa chiuno: kunyumba kapena kwa fizio (katswiri wa kuchipatala wothandiza minofu ndi mafupa)?

Minofu imeneyi ndiyo imanyamula chikhodzodzo, chiberekero ndi matumbo. Mimba ndi kubereka zimaifooketsa, n'chifukwa chake amayi ena mkodzo umawadonthera akatsokomola, akayetsemula kapena akanyamula chidebe cha madzi.

Kunyumba n'kwaulere. Mumafinya ngati mukudziletsa kuphwisa, n'kugwira masekondi angapo, kenako n'kumasula bwinobwino, mobwerezabwereza, katatu pa tsiku. Njirayi anaitchukitsa ndi dokotala wa ku America, Arnold Kegel, mu 1948, ndipo mungayambe muli oyembekezera. Mungachite ngakhale muli m'minibasi ya ku Matero, palibe angadziwe. Vuto lake n'lakuti ambiri amafinya matako kapena kukankhira pansi, n'kumaganiza kuti akuchita bwino. Kumanga mimba ndi chitenje, kumene anakubala amalimbikitsa, sikufika pa minofuyi.

Kwa fizio, monga ku chipatala chachikulu cha UTH ku Lusaka, kumafuna ndalama yoyendera ndi kudikira pamzere. Koma iye amakuyezani, nthawi zina m'kati ngati mwavomera, n'kudziwa ngati minofu ili yofooka kapena yokungika kwambiri. Apa ndiye pagona nkhani: yokungika imabweretsa ululu pogonana, ndipo kuifinyafinya kumangowonjezera vutolo. Zotsatira za kulimbitsa minofuyi zimafuna miyezi itatu kapena kuposerapo, musathamange nazo.

Kwa ine, wodontha pang'ono ayambire kunyumba, akanene kusikelo ya masabata 6 atachira. Amene anang'ambika kwambiri pobereka, kapena akumva chinthu chikutsika kumaliseche, apite kwa fizio. Mkodzo wongotuluka usana ndi usiku ungakhale fistula (bowo pakati pa chikhodzodzo ndi njira yoberekera), ndipo imeneyo imafuna dokotala, nthawi zambiri opaleshoni.