Meal plan ya unlimited: nyenyezi ziwiri, yachitatu ndi ya mayi a ku khitchini

Ndadikira dala masabata awiri ndisanalembe ndemanga iyi kuti mtima utsike kaye, koma mpaka pano ndikakumbukira Lachitatu lija ndimamvabe kuwawa. Ndikunena meal plan, dongosolo lolipiriratu chakudya, ya pa yunivesite yomwe ndikuphunzira kuno ku Ohio, ku America, ija ya unlimited yodya mopanda malire, ija amatikakamiza tonse a chaka choyamba ogona mu dorm kuti tigule kaya tikufuna kaya ayi. Mtengo mukuudziwa kale, madola opitirira 2,500 pa semesita imodzi, kuwonjezera pa fizi yomwe ife ochokera kunja kwa state timalipira yokwera kuposa ana a konkuno.

Masiku wamba sindingadandaule kwambiri. Pizza, pasta, nkhuku, saladi, mazira m'mawa, zipatso zilipo. Mpunga wawo sumapsa bwino koma munthu umazolowera.

Nkhani inavuta pa Thanksgiving, holide ya kuno ya kumapeto kwa Novembala yomwe mabanja amasonkhana kudyera pamodzi. Makalasi anatha Lachiwiri, ndiye madzulo omwewo makolo anayamba kufika ndi magalimoto kudzatenga ana awo, a ku Columbus, a ku Cleveland, a ku Cincinnati, kwa iwo ndi ulendo wa maola awiri kapena atatu basi. Pofika Lachitatu m'mawa dorm yonse inali zii, ukatseka chitseko phokoso limamveka mpaka kumapeto kwa kolido. Tinatsala ife opanda kolowera. Mnzanga wa chipinda chimodzi kwawo ndi ku California, tikiti ya ndege sabata imeneyo imakwera moti makolo ake anamuuza kuti adikire Khirisimasi. Pansi pathu panali mnyamata wa ku Texas, atsikana awiri a ku India ndi wina wa ku Nigeria. Ine ndiye musafunse, ndani angakwere ndege kudzera ku Addis Ababa mpaka Lilongwe chifukwa cha holide ya masiku asanu, ulendo wokhawo umadya tsiku lathunthu ndi kupitirira.

Lachitatu cha m'ma 5 koloko madzulo, kunja kukuda kale, mphepo yozizira yolowa mpaka m'mafupa, tinatsika ine ndi mnzangayo kupita ku dining hall yaikulu monga mwa masiku onse. Chitseko chokhoma. Kapepala kamodzi komata ndi selotepi kakuti atsegulanso Lamlungu madzulo, ofuna chakudya apite ku kafe ya ku student union yomwe itseka 6 koloko. Tinathamanga, ndi mtunda ndithu, zala zitauma m'matumba. Tinafika kutatsala mphindi makumi awiri. Ndinatenga sangweji imodzi, supu ya tomato m'kakapu ka pepala ndi nthochi. Zimenezo basi. Ndapereka khadi langa la sukulu, mtsikana wa pa till wa swipa, makina akana. Wa swipanso, akananso. Ndiye anaitana bambo wina woyang'anira, wa jekete yakuda ndi makiyi ambirimbiri m'chiuno, ndipo asanayang'ane n'komwe khadilo anangoti ma swipe a meal plan sagwira ntchito nthawi ya holide, lipirani ndi dining dollars (ndalama zapadera zogulira chakudya zomwe zimakhala pa khadi la sukulu) kapena khadi la ku banki. Ndinamuuza mwaulemu kuti bambo, plan yanga ndi ya unlimited, ndinalipira semesita yonse, ma dining dollars anandithera mu Okutobala ndipo malipiro anga a ntchito alowa sabata yamawa. Yankho lake linali lakuti zinalembedwa mu contract yomwe munasaina, ndipo imelo tinatumiza Lolemba. Imeloyo ndinaiona, inangoti maola otsegulira asintha, sinanene kuti khadi lisiya kugwira ntchito.

Chimene chinandipweteka ndi mmene anachitira. Anatambasula dzanja n'kukoka thireyi pamaso panga, osanena pepani, osandiyang'ana kumaso, n'kuyiika kumbuyo kwa kauntala anthu ali pamzere akuona. Mnzanga anali ndi madola ochepa pa khadi lake, anagula sangweji imodzi tinagawana pakati, tinakhala pampando pafupi ndi chitseko chifukwa kunja kunali kuzizira. Itakwana 6 koloko ndinaona ndi maso angawa bambo yemweyo akutsegula thumba lakuda la zinyalala n'kumakankhiramo masangweji onse otsala mu furiji ija, ndi supu yanga yomwe ija anaikhuthulira mu sinki. Ine ndimagwira ntchito yotsuka mbale mu dining hall, maola 20 pa sabata omwe viza ya F-1 imatilola nthawi ya makalasi, ndiye ndikudziwa kuchuluka kwa chakudya chomwe chimatayidwa usiku uliwonse, ndipo ndimamvetsa kuti pali malamulo a zaumoyo. Koma kulanda mwana wa sukulu chakudya kuti ukachitaye patatha mphindi makumi awiri, ayi, zimenezo sindingazimvetse. Kwathu mlendo sagona ndi njala ngakhale pakhomo pali ufa wa m'kambale kokha.

Lachinayi, tsiku lenileni la Thanksgiving, zinthu zinafika poipa. Kafe ija yotseka, mabasi a mumzinda sakuyenda, sitolo ya Walmart yotseka tsiku lonse, ka food pantry ka pa campus komwe amagawa zakudya zaulere nakonso kotseka mpaka Lolemba. DoorDash, app yoitanitsira chakudya, tinayang'ana, malo otsegula anali ochepa ndipo ndalama yobweretsera inali pafupifupi yofanana ndi ya chakudyacho. Tinasonkhanitsa zomwe tinali nazo tonse asanu ndi mmodzi: mapaketi anayi a ramen, botolo la chiponde lotsala theka, mabisiketi a mu vending machine. Mnzanga wa ku California anaimbirana video ndi kwawo, anthu onse ali patebulo nkhukundembo ili pakati, atangodula foni anafunda bulangete n'kuyamba kulira mwakachetechete. Ine ndinangokhala pambali pake, ndinalibe choti ndinganene.

Apa ndiye ndiyenera kunena chilungamo, chifukwa ndinayamba ndi mtima wofuna kupereka nyenyezi imodzi. Cha m'ma 2 koloko masana foni yanga inalira, anali mayi ena achikulire omwe amaphika pa shifiti yomwe ine ndimatsuka mbale, agwira ntchito m'khitchini imeneyo zaka zambiri. Anangofunsa kuti mwana wanga, wadya chiyani lero? Nditawauza anakhala chete pang'ono kenako anati muli angati, valani majekete ndikubwera. Anafika ndi galimoto yawo yakale, kumbuyo kuli mathireyi a aluminiyamu okutira ndi matawulo kuti asazizire. Nyama ya nkhukundembo, makaroni a tchizi, cornbread, pie ya mbatata, ndi masamba aja amati collard greens omwe nditangolawa ndinakumbuka repu wa kwa amayi anga ku Area 25. Zonsezo zinali za patebulo la banja lawo, sizinali za kampani yomwe amagwirako ntchito. Tinadyera m'chipinda chochezera cha pansi, mafoloko apulasitiki, iwo ataima pakhomo akutiuza kuti onjezerani, onjezerani, osachita manyazi. Lachisanu m'mawa anabweranso kutitengera ku sitolo ya Kroger, ndinagula ufa woyera wa chimanga, tomato, anyezi ndi nkhuku ndi ndalama yomwe mnyamata wa ku Texas anandibwereka, usiku umenewo ndinaphika nsima m'kakhitchini ka pansi pa dorm ndi mpoto wobwereka. Mthiko panalibe, ndinavundulira chipande cha saladi, inatuluka ya mibulu pang'ono koma tonse tinadya n'kumaliza.

Nditalemba dandaulo ku ofesi yoyang'anira meal plan anandiyankha patatha masiku anayi, anapepesa n'kundiikira madola 30 pa khadi. Anandiuzanso kuti ofesi ya ophunzira ochokera kunja inakonza chakudya chaulere Lachinayi lomwelo, zomwe palibe mmodzi wa ife anamva, chidziwitsocho chinali pansi penipeni pa imelo yaitali ya nkhani zina. Ndikuvomera kuti kupepesako kunandifewetsa, ndipo Lamlungu atatsegula chakudya chinali chabwino ndithu, supu yotentha ndi buledi watsopano.

Inu amene mukubwera chaka chamawa kuchokera kutali, sungani ma dining dollars anu mpaka Novembala, kagulenitu zakudya Lolemba mabasi akuyendabe, ndipo funsani msanga za holide ya Disembala chifukwa imeneyo ndiye ma dorm ambiri amatsekeratu. Ndapereka nyenyezi zitatu, ziwiri za chakudya cha masiku onse, yachitatu ndi ya mayi aja. Ku kafe ija ndimapitabe chifukwa ili pafupi ndi laibulale, koma ndikasuzumira pagalasi n'kuona jekete yakuda ija pa till ndimabwerera.