Cambridge, Merriam-Webster kapena Longman: uti angakuphunzitseni kutchula "old-fashioned"?

Mawu akuti old-fashioned ali ndi maphatikizo atatu basi. Ife lilime linazolowera kuti phatikizo lithere pa lembo la liwu, ndiye timapachikamo ma "i" ndi ma "e" mpaka mawuwo kutalika ngati "oldi fashonedi". Mtanthauziramawu wabwino ayenera kutichotsa pamenepa.

Wa Cambridge pa intaneti amalemba /ˌəʊldˈfæʃ.ənd/. Kamzere kam'mwamba kakusonyeza phatikizo lotsindika kwambiri, lomwe ndi "fash", kam'munsi kakusonyeza kutsindika pang'ono pa "old", ndipo kadontho kakugawa maphatikizo. Muli mabatani awiri omvera, la ku Britain ndi la ku America. Wongoyamba kumene, yambirani apa.

Merriam-Webster ndi wa ku America ndipo ali ndi zizindikiro zakezake. Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka. Pamwamba amalemba old-fash·ioned, koma kadontho kameneko sikakunena za katchulidwe ayi, kakungosonyeza pomwe mungadule mawu mzere ukatha polemba. Pa katchulidwe penipeni amagawa kwina: fa-shənd. Chimene ndimamukondera n'choti "d" wa old anamuika m'mabulaketi, kutanthauza kuti eni chiyankhulo nthawi zambiri amamumeza. Kwa ife imeneyi ndi mbwee, chifukwa "d" akamezedwa, "i" wathu uja amasowa pokhala.

Koma onse awiriwa sakuwonetsani poyera chinthu chachikulu: kutsindika kumasuntha. Mukati "this dress is old-fashioned", mphamvu imagwera pa "fash". Mukaika dzina kutsogolo kwake, "an old-fashioned dress", mphamvu imabwerera pa "old" kuti isagundane ndi ya "dress". N'chimodzimodzi ndi well-known komanso good-looking. Munthu amene anangomvera batani amatchula mofanana paliponse, ndipo khutu la mwini chiyankhulo limamva kuti penapake pakhota.

Apa Longman Pronunciation Dictionary ya John Wells, yomwe inatuluka koyamba mu 1990, imaposa anzake. Mawu otere imawaika kachizindikiro ◂, kukuchenjezani kuti mphamvu itha kubwerera m'mbuyo. Vuto lake ndi loti ndi buku logula, komanso silipereka matanthauzo. Komabe mphunzitsi wa Chingerezi kapena wowulutsa mawu pa wailesi ndingamuuze kuti asunge ndalama aligule, Cambridge akhale wa pafoni.